Mchenga wa Mphindi Zinayi

Mu Nyumba ya Malamulo aliyense ankamutchula kuti a Makiyi, ngakhale anali asanakwanitse zaka makumi atatu. Dzinalo analilandira kwa bambo ake pamodzi ndi ntchito, jekete lakuda la mabatani amkuwa, ndi kiyi wamkulu wa chipinda chimene aphungu amavoteramo.

Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. Ikakwana nthawi yovota, belu linkalira m'makolido onse, ndipo mlembi wa Nyumba ankatembenuza galasi la mchenga limene linkakhala patebulo pake. Mchengawo unkatenga mphindi zinayi kuti utsike wonse. Ukatha, a Makiyi ankatseka chitseko, ndipo sichinkatsegulidwanso mpaka mavoti atawerengedwa. Wotsala kunja watsala, kaya ndi nduna, kaya ndi mlamu wake wa Sipikala.

Koma m'banja mwawo munali chinsinsi. Bambo ake, pa zaka zonse zimene anagwira chitsekocho, sanayang'anepo mchenga. Kuti uone galasi unkayenera kufulatira kolido, ndipo wapachitseko akafulatira kolido anthu amamudutsa m'khwapa. Choncho iwo ankagogoda kiyi ndi chala chachikulu, kamodzi pa sekondi, mpaka kukwana 240. Anamuphunzitsa mwana wawo wamkaziyo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, pathebulo la kukhitchini, ndi supuni.

“Mchenga ndi wa alendo,” ankatero. “Ife tili ndi chala. Koma usadzauze munthu, angadzatichotse ntchito n'kulemba galasi.”

Chalacho sichinaphonyepo, moti mlembi anasiya kalekale kuyang'ana galasi lake. Ankangomva chitseko chikuti gu, iye n'kulengeza kuti chatsekedwa, n'kugoneka galasilo mudilowa osakweza n'komwe mutu pa mapepala ake.

Chinsinsi chachiwiri chinali cha a Makiyi okha. Chinkakhala kuseri kwa siteshoni ya basi, m'kashopu kopanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa mabatire, momwe munali mawotchi makumi angapo, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Mwini wake anali mwamuna wowonda, wa kagalasi ka padiso kolendewera m'khosi, amene ankabwera ku Nyumba ya Malamulo kamodzi pamwezi kudzakonza mawotchi a m'makoma. Anadziwana iye ali pamakwerero, a Makiyi atamugwirira kuti asagwe. Papita zaka zitatu tsopano, ndipo palibe ankadziwa za chibwenzi chawocho, ngakhale bambo a Makiyi. Ogwira ntchito mu Nyumbayo sankaloledwa kukhala ndi mbali pa nkhani iliyonse yokambidwa m'chipindamo, pomwe wamawotchiyo anali nkhani ya m'chipindamo kuyambira tsiku limene anabadwa.

Anabadwira m'chipatala cha mumzinda womwewo, mayi ake nzika, bambo ake munthu wodutsa wochokera kutsidya kwa malire. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime yachisanu ndi chinayi, ankati unzika umachokera kwa bambo. Mayi sangaupereke kwa mwana, mkazi sangaupereke kwa mwamuna. Choncho iye anakula ndi chilolezo chokhalira m'dziko chimene ankachidinditsa chaka ndi chaka, mpaka mwezi uno pomwe kalata inabwera yonena kuti zilolezo za mtundu umenewo zatha. Anapatsidwa masiku makumi atatu. Tsiku lomaliza linali Loweruka.

Lachinayi la sabata yomweyo aphungu ankavotera kusintha ndime yachisanu ndi chinayi. Kusintha malamulo aakulu kunkafuna aphungu awiri mwa atatu alionse, powerenga onse, amene abwera ndi amene sanabwere. Aphungu analipo makumi asanu ndi limodzi, ndiye pankafunika makumi anayi. Ovomera analipo makumi anayi ndendende, osapitirira ndi mmodzi yemwe. Ndipo zikakanika, nkhaniyo sinkaloledwa kubwereranso mpaka patatha zaka zisanu.

Wa makumi anayiyo anali nkhalamba imene anzake ankaitchula kuti a Pang'onopang'ono. Inkayenda ndi ndodo, ndipo chikhodzodzo chake sichinkapirira ola lathunthu. Zimbudzi zinali pansi, chikepe chokwezera anthu m'mwamba chinafa chaka chatha. Kuchokera kumeneko kufika pachitseko, nkhalambayo inkatenga mphindi zinayi ndi kanthu. Aliyense ankadziwa, makamaka mtsogoleri wa mbali yokana, bambo wa tayi yofiira amene ankamwetulira ngati wangomva uthenga wabwino wa munthu wina.

Lolemba, mlembi anagwetsa galasi la mchenga ndi chigongono. Silinasweke, koma mtengo wake umodzi unathyoka, ndipo phula lolumikiza mabotolo awiriwo pakhosi linang'ambika. Anatuma a Makiyi kuti alipititse kwa wamawotchi.

Anamupeza akukulunga mawotchi m'manyuzipepala akale.

“Mwayamba kale kulongedza?”

“Ndikungowafunditsa, a Makiyi. Kukuzizira.”

Anaika galasilo patebulo. Iye anavala kagalasi kake, n'kulitembenuza uku ndi uku ngati dokotala woona mwana.

“Ili ndi la makedzana. Mabotolo awiri, phula ndi ulusi. Likutseguka ngati chitini cha shuga.”

“Likutseguka,” anabwereza a Makiyi. Mawotchi onse ankagunda, iliyonse payokha. Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. “Mutati muwonjezeremo mchenga pang'ono. Kasupuni kamodzi.”

Wamawotchi sanakweze mutu.

“Kwa a Pang'onopang'ono?”

“Mukudziwa kuti wa tayi uja adzayembekeza kuti atsike kukataya madzi, kenako n'kupempha voti.”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye?”

“Ndiye ayi.” Anachotsa kagalasiko. “Si inu munatsekera nduna kunja, tsiku lija ankafuna kuwonjezera mtsogoleri zaka? Anthu anakuimbirani m'manja mumsewu. Mzinda wonse unkati chitseko cha a Makiyi sichidziwa nkhope.”

“Zinali zina zimenezo.”

“Chitseko chake ndi chomwecho. Ndiuzeni, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, atafuna kulemba m'malamulo aakulu kuti anthu ngati ine tizikhala kumsasa wa mpanda wa waya, anaperewera angati?”

“Atatu.”

“Atatu. Anali ambiri kuposa theka, koma sanafike awiri mwa atatu. Chikanakhala chopepuka chitsekocho, bwenzi pano ndikukonza mawotchi a asilikali kuseri kwa waya. Kulemera kwake kunandisunga tsiku lija. Lero kukundiponda. Ndilibe pakamwa podandaulira.”

“Mawu okoma. Mudzawanena m'basi Loweruka.”

“Ndidzawanena kwa kondakitala, mwina adzandichotsera mtengo.”

A Makiyi sanaseke. Anayang'ana manja ake aatali akuchotsa ulusi wakale pakhosi pa galasi, ndipo anayesa kumva mkwiyo, koma sunabwere. M'chifuwa munali ngati m'chipinda chimene achotsamo katundu yense.

“Iwe,” anatero wamawotchi, ndipo sankakonda kumutchula choncho masana. “Akadzakufunsa tsiku lina, utagwira buku lolumbirira m'manja, ndikufuna udzanene kuti sukudziwa kanthu, ndipo zidzakhale zoona. Pita. Ndibweretsa ndekha Lachitatu.”

Analibweretsadi Lachitatu, lomangidwa ndi ulusi watsopano, n'kulipereka m'manja mwa mlembi. Podutsa pachitseko anangoti, “Mwaswera bwanji, a Makiyi,” ngati munthu wongodziwana naye kuntchito.

Madzulo a tsikulo a Makiyi anapeza bambo awo atakhala pampando wawo wa pawindo, wailesi ili pamiyendo. Maso awo anachita khungu zaka zinayi zapitazo, koma zokambirana za mu Nyumba ya Malamulo sankaphonya. Belu likalira pawailesi, chala chawo chinkayamba chokha kugogoda pa mkono wa mpando.

“Mawa kuli ntchito, mwana wanga.”

“Ilipo, bambo.”

“Wapukuta mabatani?”

“Ndipukuta.”

“Mawu ako akumveka ngati wadya sopo. Ukudwala?”

“Kutopa chabe.” Anawathirira tiyi, n'kuwagwiritsa kapu. “Bambo, inu mukuona bwanji? Lamulo loti aliyense akuliona kuti ndi lolakwa, n'chifukwa chiyani kulisintha kukhale ngati kusuntha phiri?”

“Aliyense ndani? Makumi awiri okana aja si anthu?” Anapemerera tiyi. “Ine ndinaona mitundu itatu ya atsogoleri. Aliyense ankabwera ndi cholembera m'thumba, kufuna kukonza pang'ono pokha. Nyumba imene mwini wake amasuntha maziko chaka chilichonse, usagonemo.”

“Nanga amene ali panja, mvula ikuwagwa?”

“Adikire.”

“Zaka zisanu?”

“Kodi uli ndi mnzako kumeneko?” Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu ake, maso oyerawo akuyang'ana pambali pang'ono.

“Ayi, bambo. Ndangofunsa.”

“Ife sitifunsa. Ife timatseka.”

Lachinayi kunacha kopanda dzuwa. Pofika nthawi ya chakudya chamasana aphungu anali atalankhula maola anayi. Wina anati malamulo aakulu si malaya oti uzisintha thukuta likatuluka. Wina anamuyankha kuti ngakhale malaya a ukwati, mwana akakula amawamasula msoko. Mayi wina wa mbali yovomera anawerenga mayina a ana obadwira m'chipatala chimodzi tsiku limodzi, ena nzika, ena ayi. A Makiyi anaima pamalo pake, kiyi m'dzanja lamanja, ndipo mawu onsewo ankamufika ngati akuchokera m'nyumba ya aneba.

A Pang'onopang'ono anayesetsa. Kuyambira m'mawa sanamwe madzi kapena tiyi, ndipo anzawo anawakhazika pafupi ndi khomo. Koma a tayi yofiira anali ndi anthu awo olankhula motalika, mmodzi akakhala pansi wina n'kudzuka. Itangopitirira 3 koloko, nkhalambayo inadzuka, nkhope itachita thukuta.

“Mwana wanga,” inanong'ona podutsa, “ukalamba ndi ngongole yosakongola. Ndibwera msangamsanga.”

Ndodo inamveka ikutsika masitepe, go, go, go, mpaka kuzimiririka. Amene ankalankhula anadula mawu ake pakati n'kukhala pansi. A tayi yofiira anaimirira, n'kukonza jekete.

“A Sipikala, nkhaniyi taitafuna mokwanira. Ndikupempha kuti tivote.”

Kunabuka phokoso, koma pempholo linali m'malamulo, ndipo panalibe wina amene anali ataimirira kuti alankhule. Sipikala anagwedeza mutu. Belu linayamba kulira. Mlembi anatembenuza galasi, n'kubwerera ku mapepala ake.

Chala cha a Makiyi chinayamba chokha.

Anafulatira chipinda, n'kuyang'ana kolido. Inali yaitali, ya matailosi oyera ndi akuda, zithunzi za masipikala akale zili mbali zonse. Anyamata awiri otumikira aphungu anathamanga kukatenga nkhalambayo. Chala chinafika pa makumi asanu ndi limodzi. Kolido inali mbee. Zana limodzi. Anaganiza za kashopu kaja, mawotchi ofunditsidwa m'manyuzipepala, ndipo anadabwa kuti mtima wake sukuthamanga. Unkangogunda limodzi ndi chala.

Pa 170 mutu wa imvi unatulukira pamwamba pa masitepe. Anyamata aja anafuna kuinyamula, koma nkhalambayo inawakankha ndi chigongono.

“Ndisiyeni. Sindinalowepo muno ngati thumba la makala.”

Aphungu onse a mbali yovomera anali ataunjikana kumbuyo kwa a Makiyi, maso ali kukolido, ena akuitana, ena akupemphera chamumtima. Mazana awiri. Go, go. Nkhalamba inadutsa chithunzi chachitatu. 220. Ankatha kuona batani limene inaiwala kumanga.

A Makiyi anaganiza kuti angathe kudikira. Palibe akanamumenya. Koma mchenga ukatha chitseko chili chotsegula, wa tayi yofiira akanaimirira, voti yonse n'kuthetsedwa, ndipo akanayamba kufufuza chifukwa chimene wapachitseko wachitira zimenezi. Komanso mwini nkhaniyo anali atakana. Maganizo amenewa anadutsa mwakachetechete, ngati anthu odutsa panja pa windo. 238. 239.

Manja ake anachita zimene anaphunzira pathebulo la kukhitchini. Chitseko chinati gu. Kiyi anazungulira kawiri.

Kunja, ndodo inagunda matailosi kasanu ndi kamodzi, kenako inagogoda pa thabwa, pang'onopang'ono, katatu.

“Chitseko chatsekedwa,” anatero mlembi osakweza mutu, dzanja lake likugoneka galasi mudilowa.

Anawerenga. Ovomera makumi atatu ndi asanu ndi anayi. Okana makumi awiri. Sipikala analengeza kuti ndime yachisanu ndi chinayi ikhala mmene ilili. A Makiyi anatsegula chitseko, n'kupeza nkhalamba ija itakhala pansi pa chithunzi, ndodo ili pamiyendo. Sinamuyang'ane.

Aphungu anatuluka. Womaliza anali wa tayi yofiira, amene anaima pambali pake n'kumuyang'ana nthawi yaitali, mutu utapendekeka.

“A Makiyi, ine ndimakonda kuyang'ana zinthu zimene anzanga sayang'ana,” anatero motsitsa. “Lero mwatithandiza kuposa mmene tinapemphera. Moni kwa bambo.”

Sanamvetse, ndipo analibe mphamvu zofunsira. Anapukuta chogwirira cha chitseko monga mwa masiku onse, n'kupachika jekete.

Loweruka m'mawa anapita kusiteshoni atavala zovala wamba. Kashopu kanali kotseka, makoma ali ndi mabwalo oyera pomwe pankakhala mawotchi. Wamawotchi anali ndi sutikesi imodzi ndi kabokosi ka zipangizo. Ankapita ku dziko la bambo amene sanawaonepo, komwe analibe ngakhale munthu womulonjera. A Makiyi sakanamutsatira. Kumeneko iye ndiye akanakhala wopanda pepala, ndipo kunyumba kunali bambo ofuna wowagwiritsa kapu.

Anakhala pabenchi, mpata wa munthu mmodzi pakati pawo, ngati anthu odikira mabasi osiyana.

“Wosoka nsapato watenga shelefu,” anatero iye. “Akuti andisungira. Zaka zisanu shelefu idzakhala itaiwala nkhope yanga.”

“Mudzalemba?”

“Ndidzalemba. Ndidzasaina kuti msuweni wanu, kuti bambo asadabwe.”

“Bambo saona.”

“Amamva fungo la bodza, munandiuza nokha.”

Kondakitala anayamba kuitana. Wamawotchi anaimirira, n'kukhalanso pansi.

“Pali chimene ndikufuna kudziwa, chifukwa chikundisowetsa tulo ngati mmisiri. Nkhalamba ija inachedwa ndi zingati?”

“Ndodo inagunda kasanu ndi kamodzi. Mwina masekondi khumi.”

“Khumi.” Anapukusa mutu, akuyang'ana manja ake. “Ndiye kuti ndinalakwitsa kuyeza. Ndinayesa katatu konse ndi wotchi yanga yabwino, ndipo katatu konse zinakwana makumi anayi.”

“Makumi anayi a chiyani?”

“Masekondi.” Anamwetulira mwamanyazi. “Kasupuni kanu kaja. Ndinakana ndi pakamwa pokha. Mutangotuluka ndinasefa mchenga ndi sokosi, n'kuthiramo. Mawu onse okoma aja, ndinawagulitsa usiku umodzi usanathe. Ndimati musadziwe, kuti mudzangoona mchenga ukutsikabe, inu n'kudikira ndi mtima woyera.” Anapumira m'mwamba. “Ndiye inachedwa masekondi makumi asanu, kuwerengera bwino. Palibe kasupuni kakanaipulumutsa.”

A Makiyi anayang'ana basi. Panali munthu pamwamba akumanga katundu ndi chingwe cha buluu, ndipo anaona mfundo iliyonse imene ankamanga. Anakumbukira wa tayi yofiira, mutu wopendekeka uja. Anakumbukira dzanja la mlembi likugoneka galasi. Chala chake chachikulu chinali pa chikwama, chili duu.

Zaka zitatu anamuuza munthu ameneyu zonse, za mayi ake, za maloto ake, za mantha ake a mphenzi. Za chala zokha ndi zimene sanamuuze, chifukwa bambo anati usadzauze munthu.

“Mwangoti zii,” anatero wamawotchi. “Mwakwiya kuti ndinakunamizani?”

Akanatha kunena. Mawuwo analipo, aafupi. Koma munthuyo anali ndi ulendo wa masiku awiri, ndipo akanawanyamula njira yonse.

“Sunakwane,” anatero. “Mchengawo sunakwane basi.”

“Ndinadziwa. Ndikanathira awiri.”

Anamugwira dzanja mwachangu, ngati wopatsana moni ndi kasitomala, koma anachedwa kulisiya. Kenako anakwera. Basi inatembenuka pa ngodya ya wogulitsa mabatire, ndipo a Makiyi anakhalabe pabenchipo mpaka mayi wina atawafunsa ngati malowo ali ndi munthu.

Lolemba anafika kuntchito osesa asanamalize. M'chipinda chovotera munalibe munthu. Anatsegula dilowa ya mlembi, n'kuimika galasi patebulo, n'kulitembenuza. Chala chinagogoda kiyi mpaka 240, n'kuima chokha. Mchenga unkatsikabe, kaulusi kopyapyala, kosafulumira. Anauyang'ana. Pa khumi anaona nkhalamba ikulowa, ikumanga batani lake. Pa makumi awiri inali itakhala pansi. Panatsalanso makumi awiri ena opanda ntchito, ndipo anawayang'ana onse mpaka kambewu komaliza.

Anabwezera galasi mudilowa, n'kukavala jekete.

Lachitatu kunali voti ina, ya misonkho ya mabatire ndi matayala, yopanda aliyense wothamanga m'kolido. Belu litalira, a Makiyi anafulatira kolido kwa nthawi yoyamba, n'kuyang'ana patebulo la mlembi. Chala chinafika pa 240. Anachipinda m'dzanja, n'kudikira.

Madzulo anapeza bambo ake pawindo, wailesi itazimitsidwa.

“Lero wachedwa kutseka, mwana wanga. Masekondi makumi anayi. Ndawerenga.”

“Ndimadikira mchenga, bambo.”

“Mchenga? Kuyambira liti?”

Anawathirira tiyi, n'kuwagwiritsa kapu m'manja onse awiri.

“Imwani, angazizire.”